Mandasi a pa Tsiku la Banja: Kodi Phindu Liri Kuti?

Mwezi wa Disembala ukafika, msewu wa N7 umadzaza. Uwu ndi msewu umene umadutsa mu Tete ndi pa Moatize, nkukwera mapiri mpaka ku Zóbuè, pa malire ndi dziko la Malawi. Kuchokera ku Moatize kufika ku Zóbuè pali mtunda wa makilomita pafupifupi 100. M'mwezi umenewu mabasi ochokera ku Johannesburg ndi ku Harare amabwera atadzaza ndi anthu opita kwao. Magalimoto akuluakulu amaima pamzere kudikira kudinditsa mapepala. Anthu onsewa amamva njala, ndipo m'thumba amakhala ali ndi kandalama.

Kuno ku Mozambique tsiku la 25 Disembala limatchedwa Tsiku la Banja, pa Chipwitikizi Dia da Família. Akhristu amati Natal, kapena Khirisimasi. Kaya mutchule dzina liti, patsikuli ndi pa Chaka Chatsopano banja liri lonse limafuna tiyi wa shuga ndi chomwera chake. Ngakhale munthu amene amaumira chaka chonse, pa masiku amenewa amagulira ana mandasi.

Achinyamata athu amaziona zimenezi. Ena ali ndi timu ya mpira, ena ali mu kwaya ya ku mpingo, ena ali mu OJM, bungwe la achinyamata limene linayamba mu 1977. Magulu onsewa amasowa ndalama. Tsono akakhala pansi pa mtengo wa mango amagwirizana kuti: "Tiyeni tiphike mandasi, tigulitse." Nzeru imeneyi ndi yabwino. Iposa kuyenda khomo ndi khomo ndi pepala lopemphera ndalama. Koma achinyamata alibe khitchini. Alibe chiwaya, alibe nkhokwe, ndipo ambiri sanakandepo ufa chibadwire. Amene amasenza ntchitoyi ndinu, amayi ndi abambo, agogo ndi azakhali. Nchifukwa chake nkhaniyi ndalembera inu.

Tinagulitsa onse, koma tinaluza

Ine ndimaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba kufupi ndi Zóbuè, ndiponso ndiri m'gulu la achinyamata a m'mudzi mwathu. Chaka china tinafuna kugula mpira, komanso nyale ya sola yoti iziunikira kalasi yathu madzulo. Tinasonkherana mpamba. Amayi anatibwereka chiwaya ndi beseni, agogo anatilola kuphikira m'khitchini mwao, ndipo mlongo wanga anachezera kukanda ufa ndi kukazinga. M'mawa tinapita kumsika. Dzuwa lisanafike pamutu, mandasi anali atatha psiti. Tinabwerera kumudzi tikuimba.

Madzulo tinakhuthulira ndalama pamphasa nkuwerenga. Tinawerenganso kachiwiri. Ndalama zinali zochepa kuposa zimene tinasonkha. Pomwepo mkangano unabuka. Wina anati msungichuma wabisa zina. Msungichuma analira, nati sadzabweranso ku gulu. Agogo anali pakhonde, akumvetsera zonse. Kenaka anandiitana nati: "Iwe mdzukulu wanga, umaphunzitsa anthu kulemba. Nanga zakozi walemba pati?"

Ndinasowa choyankha. Panalibe wakuba pakati pathu. Tinangolephera kuwerengera.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tengani pensulo ndi kope. Mitengo imene ndalemba apa ndi yongoyerekeza, yophunzirira masamu. Inu mukaikepo mitengo ya kumsika kwanu, popeza imasintha mwezi ndi mwezi. Zilembo za MT zikuimira metikali.

Ufa wa tirigu, makilogalamu 5: 300 MT
Shuga, kilogalamu 1: 80 MT
Mafuta ophikira, malita 2: 300 MT
Yisiti ndi mchere: 50 MT
Makala: 100 MT
Mapepala okulungira: 30 MT
Senha, tikiti ya pamsika: 20 MT
Zonse pamodzi: 880 MT

Kilogalamu imodzi ya ufa imatulutsa mandasi apakatikati okwana ngati 40. Ndiye kuti makilogalamu 5 atulutsa mandasi 200. Tikagulitsa limodzi pa 5 MT, tipeza 1,000 MT. Munthu akaona 1,000 MT pamphasa, mtima umadumpha. Koma chotsanipo 880 MT. Zatsala zingati? Zatsala 120 MT. Phindu ndi limenelo basi.

Taonaninso mwa njira ina. Kuti 880 MT ibwerere, tiyenera kugulitsa mandasi 176. Mandasi amenewa si athu, ndi a mwini sitolo ndi wogulitsa makala. Athu enieni ndi 24 otsiriza aja.

Tsono usiku uja ophika analawa 10. Ana a pakhomo, amene anakana kugona atamva fungo, anadya 8. Ena 7 anapserera. Kumsika mnzathu wina anatenga 5 pa ngongole, nati alipira mawa, ndipo mawa lakelo silinafike. Onsewa ndi 30. Tinagulitsa 170, tinapeza 850 MT. Tinagwira ntchito usiku wonse kuti titaye 30 MT, nkutsala pang'ono kutayanso mnzathu.

Sindikunena kuti ana asalawe. Khitchini imene muli mandasi koma mwana nkumangomeza malovu si khitchini ya kuno. Chofunika ndi kugwirizana musanayatse moto kuti olawa akhala angati, nkuwapatula m'mbale yapadera. Otsalawo muwawerenge pamaso pa anthu awiri, ndi kulemba nambala yake beseni lisanatuluke pakhomo.

Mwina mukufunsa kuti bwanji ufa ndi mafuta zimadula chotere. Tirigu amalimidwa pang'ono m'mapiri a ku Tsangano, koma wochuluka amene timadya m'dziko muno amachokera kunja pa sitima za pamadzi. Mu 2022 nkhondo itayamba pakati pa Russia ndi Ukraine, maiko amene amalima tirigu ndi mpendadzuwa wambiri, mitengo ya ufa ndi mafuta inakwera mpaka m'masitolo a kuno. Zimenezo ife sitingazisinthe. Zimene tingathe ndi kusamala chimene tagula kale.

Za m'nyumba si zaulere

Pali chinthu china chimene sitinalembe pa mndandanda uja, ndipo ndi chimene chimandivutitsa mtima kwambiri. Achinyamata akafuna kuti phindu lioneke lalikulu amati: "Nkhuni titenga kwa agogo, mgaiwa utenga kwanu, nthochi ziri m'dimba mwa atate ako." Amaganiza kuti zimenezi ndi zaulere, popeza palibe watulutsa ndalama.

Kumbukirani mwezi umene tikunena. Mu Disembala chimanga cha m'munda chikali chaching'ono, ndipo kukolola ndi mu Epulo kapena Meyi. Nkhokwe imakhala itatsika. Ndowa ya chimanga imene yapita ku chigayo chifukwa cha gulu ndi ndowa imene banja lidzaifuna mu Febuluwale, mtengo utakwera. Gulu likapanda kubweza, ndiye kuti silinapange phindu ai. Langosamutsa nsima ya ana kuipititsa ku mpira.

Choncho chiri chonse chochokera m'nyumba chilembedwe ndi mtengo wake, ndipo ndalama zikabwera, banja liyambe kubwezeredwa. Ngati amayi afuna kupereka mwaufulu, zikomo kwambiri, koma anene okha, ndipo mlembi alembe kuti "mphatso". Musachite manyazi kufunsa za ufa wanu chifukwa choti wotenga ndi mwana wanu. Mukumuphunzitsa malonda.

Nthawi nayonso ndi chuma. Disembala ndi mwezi wopalira, ndipo udzu sudikira. Mayi amene wachezera pa chiwaya, mawa lake khasu limamulemera. Ife tinagwirizana kuti banja limene latiphikira, gulu lonse likalipalire m'munda m'mawa umodzi. Tinagwirizananso kuti anyamata azikanda nao ufa. Poyamba ankaseka, amati ndi ntchito ya atsikana. Koma kukanda makilogalamu 5 kumafuna mphamvu, ndipo amene adzamenye mpirawo ndi omwewo. Ine ndemwe ndinakanda, manja anandiwawa masiku awiri.

Werengani paketi musanagule

Mapaketi a m'masitolo mwathu amalembedwa m'Chipwitikizi, tsono tiyeni tiphunzire mau ochepa. Ufa wa tirigu amalemba farinha de trigo. Mukaona mau akuti fortificada, ndiye kuti muufamo anaonjezeramo mavitamini ndi michere yothandiza magazi, monga lamulo la 2016 limanenera. Pali mau ena akuti validade, kapena mwachidule Val. Pa katundu wochokera ku Malawi kapena ku South Africa pamalembedwa EXP. Pambali pake pamakhala mwezi ndi chaka chimene chinthucho chidzathere mphamvu. Nambala yoyamba 03 ndi Malichi, 11 ndi Novembala. Ngati mweziwo unadutsa, bwezani paketiyo pa shelefu.

Pa zotupitsa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa ziri mitundu itatu, ndipo iwiri imayamba ndi dzina limodzi. Fermento biológico, imene ena amalemba levedura, ndiye yisiti. Fermento em pó ndi ufa woyera wotupitsira bolo, keke ya pa chikondwerero. Bicarbonato de sódio ndi soda yemwe uja timathira mu therere.

Yisiti ndi wamoyo. Ndi tizamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ta mtundu umodzi ndi timene timawiritsa mowa. M'paketi timakhala tagona. Tikapeza madzi ofunda ndi shuga timadzuka, nkuyamba kudya ndi kutulutsa mpweya. Ufa wa tirigu ukakandidwa bwino umatamuka ngati mphira, tsono mpweyawo umakodwa mkati ndipo ufa umakwera. Timabowo timene mumaona mukanyema ndasi ndi malo a mpweya umenewo. Popeza yisiti ndi wamoyo, amathanso kufa. Madzi otentha amamupha. Pisanimo chala: madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda. Ngati mukukaikira paketi yanu, thirani kayisiti pang'ono m'kapu ya madzi ofunda a shuga. Pakapita mphindi 10 popanda thovu, musaononge ufa wanu, kaguleni wina.

Soda si wamoyo. Iye amatulutsa mpweya akakumana ndi chinthu chowawasa, monga chambiko, madzi a mandimu kapena nthochi zakupsa kwambiri. Sadikira nthawi, amayamba pomwepo, choncho mukasakaniza ikani pamoto msanga. Akachuluka, chakudya chimawawa ndi kununkha ngati sopo. Ufa wa chimanga sutamuka ngati wa tirigu, nchifukwa chake chigumu timathira soda osati yisiti, ndiponso nchifukwa chake chimakhala cholemera ndi chokhutitsa.

Kaphikidwe ka mandasi

Pa kilogalamu imodzi ya ufa thirani supuni yaikulu imodzi ya yisiti, kapu imodzi ya shuga, supuni yaing'ono imodzi ya mchere, masupuni aakulu awiri a mafuta, ndi madzi ofunda opitirira pang'ono theka la lita. Madzi muzithira pang'onopang'ono. Kandani mpaka ufa usiye kumatirira m'manja ndipo ukhale wosalala. Vundikirani ndi nsalu yoyera.

Mudikire nthawi yaitali bwanji? Apa m'pamene wa ku Moatize ndi wa ku Zóbuè amasiyana. Moatize iri kuchigwa, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi, ndipo miyezi ya Okutobala mpaka Disembala kutentha nthawi zina kumapitirira madigiri 40. Kumeneko ufa umakwera msanga, mwina ola lisanathe. Mukauiwala umapyola, umasasa, ndipo mandasi ake amamwa mafuta. Ku Zóbuè ndi kumapiri, kumazizirirapo. Tsiku la mitambo ufa ungatenge maola awiri, ndipo ndi bwino kuika beseni pafupi ndi moto, osati pamoto. Musadalire koloko. Yang'anani beseni. Ufa ukakula kawiri msinkhu wake woyamba, wakwana.

Podula, mandasi akhale ofanana. Dzanja la munthu likatopa limayamba kudula aakulu kuti ntchito ithe msanga, ndipo mmalo mwa 40 mumapeza 33. Gawani ufa wa kilogalamu imodzi m'zigawo zinai zofanana, ndipo chigawo chiri chonse chitulutse 10. Mukatero nambala imadziwika musanakazinge.

Mafuta ndiwo amadya ndalama zambiri, tsono apa tsegulani maso. Ponyani kachidutswa ka ufa m'chiwaya. Kakamira nkukhala pansi, mafuta sanatenthe, ndipo mandasi adzawamwa ngati thonje. Kakada nthawi yomweyo, kapena mafuta akamafuka utsi, moto wachuluka: kunja kupserera, mkati muli mwauwisi. Kakamira pang'ono nkubwera pamwamba kakuchita thovu, yambani. Musadzaze chiwaya, chifukwa mandasi ambiri nthawi imodzi amaziziritsa mafuta. Potsakula, agwireni kaye pamwamba pa chiwaya kuti mafuta adonthere momwemo. Mafuta otsala muwasefe ndi nsalu akazizira, koma akada ndi kuyamba kununkha, atayeni.

Ana aang'ono asayandikire mbaula. Mafuta akagwira moto, musathirepo madzi ai, chifukwa moto umadumpha nkukuotchani kumaso, mwinanso kugwira denga la udzu. Vundikirani chiwaya ndi lata kapena chivundikiro, moto uzima wokha.

Chigumu chiri ndi phindu kuposa maonekedwe ake

Achinyamata amathamangira mandasi chifukwa amaoneka a m'tauni. Koma agogo atatiuza kuti tiyese chigumu, chimene ena amati chikondamoyo, masamu anatidabwitsa. Chigumu sichifuna tirigu, ndipo sichisambira m'mafuta.

Tengani makapu anai a mgaiwa, nthochi zisanu ndi imodzi zakupsa mpaka khungu kuchita madontho akuda, shuga pang'ono popeza nthochi nzotsekemera kale, mchere, masupuni atatu a mafuta, ndi supuni yaing'ono imodzi ndi theka ya soda. Phwanyani nthochi, sakanizani zonse ndi chambiko, kapena madzi ofinyiramo ndimu, mpaka zikhale ngati phala lolimba. Pakani mafuta mumphika wachitsulo, kapena yalanimo tsamba la nthochi, nkuthiramo.

Uvuni tiribe, koma mphika umakhala uvuni mukauika pakati pa moto uwiri. Pansi pakhale makala ochepa. Pamwamba ikani lata, ndipo makala ambiri akhale pa latapo. Amene amalakwa amachulutsa moto wa pansi, nkupeza kunsi kwada pamwamba pakali phala. Musamavundukule kawirikawiri, kutentha kumathawa. Pakapita mphindi ngati 40 bayani pakati ndi mpeni. Ukatuluka wouma, chapsa. Ntchito yoyang'anira motoyi apatseni agogo. Iwo amadziwa ndi fungo lokha, ndipo ine ndi sukulu yanga ya sekondale sindinafikepo pamenepo.

Tiyerekezenso mitengo. Mgaiwa 25 MT, nthochi 25 MT, shuga 10 MT, mafuta ndi soda 15 MT, makala 25 MT. Mphika umodzi watidyera 100 MT, ndipo mwaona kuti ufa ndi nthochi za m'nyumba taziwerengera. Tikadula zidutswa 16 nkugulitsa pa 10 MT, tipeza 160 MT. Phindu ndi 60 MT pa mphika umodzi. Miphika isanu ipatsa 300 MT pa mpamba wa 500 MT. Yerekezani ndi mandasi aja, amene anafuna 880 MT kuti abale 120 MT.

Koma tisakokomeze. Chigumu sichiyenda msanga ngati mandasi, ndipo nyengo yotentha sichichedwa kuonongeka. Munthu wa pa basi amene watulutsa dzanja pa windo amafuna mandasi amene amawadziwa. Nzeru ndi kuphika zonse ziwiri: mandasi ochepa okopa anthu, ndi chigumu chobweretsa ndalama. Zitumbuwa, za nthochi ndi ufa wa chimanga zokazinga, ziri pakatikati. Sizifuna tirigu koma zimafuna mafuta.

Chenjezo limodzi: musagaitse chimanga chofumbwa kapena cha chuku poganiza kuti shuga abisa. Chuku wa pa chimanga ndi mtedza ali ndi poizoni amene amaononga chiwindi, ndipo moto sumupha.

Kumsika ndi pamalire

Misika yathu iwiriyi siifanana. Ku Moatize kuli migodi ya malasha. Kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, ndipo mu 2022 mgodiwo unapita m'manja mwa Vulcan. Kuli anthu olandira malipiro pamwezi, koma kulinso mapadaria ophika buledi ndi bolo tsiku ndi tsiku. Kupikisana nao pa buledi ndi kudzivuta. Chimene anthu a m'tauni amachisowa ndi chakumudzi, chimene chimawakumbutsa kwao. Kumeneko ndi bwinonso kuyenda masiku angapo chikondwerero chisanafike, kulemba maina a mabanja amene akufuna chigumu chathunthu, ndi kulandiriratu theka la ndalama. Mukatero mumaphika chimene chagulidwa kale. Ambiri kumeneko amalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi, tsono wogulitsa akhale wodziwa kuwerenga ndalama m'Chipwitikizi: cinco, dez, vinte.

Ku Zóbuè ogula ambiri ndi apaulendo, ndipo ndalama zimene zimayenda ndi ziwiri, metikali ndi kwacha ya Malawi, popeza Mwanza ali patsidya pomwepa. Wina amatulutsanso randi. Gwirizanani mitengo yonse musanachoke kunyumba, nkuilemba ndi zilembo zazikulu pa katoni. Mwana amene akuwerengera m'mutu basi ikulira hutala amapusitsidwa. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono za chenji, chimene timati troco, chifukwa wopanda chenji amathawitsa wogula kapena amamuonjezera ndasi.

Ngati ufa munagula ndi metikali, phindu muliwerengenso mu metikali. Ndipo ndalama za gulu zisagone nthawi yaitali mu kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi. Amene anasunga kwacha m'chitini anadzuka ali ndi mapepala omwewo, koma ogula zochepa.

Palinso kanthu kena kosokoneza m'kope. Metikali inayamba pa 16 Juni 1980, kulowa mmalo mwa escudo. Mu 2006 boma linachotsa maziro atatu, kotero 1,000 yakale inasanduka 1 MT. Akuluakulu ena akali kutchula mwakale, ndipo 5 MT amati 5,000. Pakamwa palibe vuto, timamvana. Koma m'kope lembani monga ziri pa ndalamapo. Ziro mmodzi wosokera angadanitse mudzi.

Madzi ndi ntchentche

Nyengo ya chikondwerero ndi nyengonso ya mvula, ya mango ndi ya ntchentche. Ndi nthawi ya matenda otsegula m'mimba. Mu 2023 kolera anavuta m'chigawo chathu cha Tete ndi ku Malawi komwe. Madzi okandira ndi otsukira ziwiya akhale owiritsa, kapena othira Certeza monga mwa malangizo a pa botolo. Sambani m'manja ndi sopo kapena phulusa musanagwire ufa. Amene watsegula m'mimba asaphike, ngakhale akhale katswiri.

Kumsika pitani awiri. Wina azigwira ndalama, wina azipatsira ndi foloko kapena dzanja lovala pulasitiki, ndipo asasinthane. Beseni likhale pamwamba, lovundikira, ndipo ogula asasankhe ndi zala. Musakulungire m'mapepala a simenti kapena a feteleza. Munthu mmodzi akadwala nkuloza beseni la gulu lanu, chaka chamawa simudzagulitsanso.

Kope la gulu

Chaka chotsatira tinagula kope la masamba ochepa. Tsamba la kumanzere tinalemba "Zotuluka", la kumanja "Zolowa". Mzere uli wonse unali ndi tsiku, chinthu, nambala ndi mtengo. Msungichuma uja tinakamupepesa kwao, ndipo anabwerera. Iye amasunga ndalama, mlembi amasunga kope, ndipo madzulo ali onse awiriwa amawerenga pamaso pa kholo limodzi. Ndalama zikachuluka timaziika pa foni, pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo uthenga wake timauonetsa ku gulu lonse. Pochotsa pamakhala kamtengo kake, nako timakalemba.

Tinaphika masiku anai: pa 23 ndi 24 Disembala, ndiponso pa 30 ndi 31. Mabanja atatu anasinthana khitchini kuti mtolo usagwere amodzi. Pa 2 Januwale tinakhala pamphasa pomwe paja. Tinayamba ndi kubweza mpamba kwa onse amene anasonkha. Kenaka tinaitana eni ufa, nthochi ndi nkhuni. Mayi wina wa m'kalasi langa, amene chaka chapitacho ankadinda ndi chala, anawerenga yekha mzere wa mgaiwa wake. Anapeza kuti mlembi waiwala makapu anai, anamuuza, ndipo mlembi anakonza. Atalandira ndalama anasaina dzina lake lonse. Anatenga nthawi, koma palibe anamufulumiza.

Zotsala zinakwana nyale yokha. Anyamata anang'ung'udza, koma kope linali poyera, ndipo ali yense anatha kuona kuti mpira sukwanira.

Tinadikira mwezi wa Juni, umene uli ndi zikondwerero ziwiri: Tsiku la Ana pa 1 Juni, ndi Tsiku la Ufulu pa 25 Juni. Nthawi imeneyo nkhokwe ndi zodzaza, nkhuni nzouma, ndipo mbatata yakumbidwa. Tinasankha mbatata yofiira mkati, imene iri ndi vitamini A wothandiza maso ndi kulimbitsa thupi la ana. Mayi Maria Andrade, katswiri wa zaulimi wochokera ku Cabo Verde amene anagwira ntchito zaka zambiri m'dziko muno kufalitsa mbatatayi, analandira nayo mphoto yaikulu ya chakudya ya dziko lonse mu 2016. Mbatatayi mukaiphika nkuiphwanya, ingalowe mmalo mwa gawo limodzi mwa magawo atatu a ufa wa tirigu. Madzi ndi shuga mumachepetsako, popeza mbatata nayo iri ndi zake. Mandasi ake amatuluka achikasu ndi ofewa, ndipo ana amawathamangira. M'mawa mwa Juni ku Zóbuè kumazizira kwambiri, kotero ufa tinauika pafupi ndi mbaula ndipo tinaudikira nthawi yaitali. Mpira tinakagula ku Moatize sabata yoyamba ya Julayi, ndipo ndalama ya chapa, popita ndi pobwera, iri pa tsamba la kumanzere.